Gulupu Yopanda Malamulo

Lolemba

Andichotsa pagulupu. Ine!

Gulupu ya pafoni ya Amalawi onse a kuno ku Doha, imene ndinalowa tsiku lomwe ndinatsika ndege. Mlandu wake: ndafunsa chifukwa chake komiti ya zisangalalo yadzaza anthu a boma limodzi. Kufunsa basi. A Chikaonda, adimini wathu, bambo wa imvi amene amayendetsa basi ya ana asukulu, alemba kuti, "Achimwene, pano si ku Nyumba ya Malamulo." Ndisanayankhe n'komwe, foni ikundiuza kuti sindinenso membala.

Palibe kanthu. Ntchito yanga ndi kulondera geti la mafulati ku Old Airport, m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo waifai ya mu ofesi imafika bwinobwino pampando wanga. Mavidiyo a mitsutso ya ku America ndaonera okwana kundipatsa digiri. Kumeneko munthu amanyoza pulezidenti dzuwa likuswa mtengo, akatero n'kupita kwawo kukadya nkhuku, osacheuka. Nanga ife tinalakwanji?

Ndatsegula yanga. Dzina: BWALO LA UFULU. Malamulo ake:

1. Palibe malamulo.
2. Palibe wochotsedwa, ngakhale atatukwana ine amene.
3. Adimini si mfumu.

Woyamba kulowa ndi Mavuto, mlonda mnzanga amene amagona bedi la pamwamba pa langa m'chipinda chathu ku Al Mansoura. Wachiwiri Chisomo, wa pa resepishoni ya hotelo. Ndamuika chifukwa ali ndi nzeru, osati chifukwa cha zimene Mavuto akunenazo. Watumiza timanja towomba. Ndatiyang'ana timanjato mpaka galimoto ya madzi yachita kundiimbira huta pageti.

Anthu akungokhamukira. Ngakhale a Chikaonda alowa! Ndawalandira ndi manja awiri. Aphunzire.

Lachiwiri

Bwalo latentha m'mamawa. Zimenezi ndiye ndimafuna!

Wayamba ndi Mavuto. Akuti dziko laonongeka chifukwa cha anthu otchedwa "mawoko". Mawuwa wawatola m'mavidiyo omwewo amene ndinamuonetsa ine. Wina wafunsa kuti woko n'chiyani. Mavuto: "Ngati simukudziwa, ndiye kuti ndinu mmodzi wa iwo." Bambo wina wophika ku hotelo wathandiza: woko ndi chiwaya chakuya chimene amakazingira mpunga kukhitchini kwawo, ndipo sanaonepo chikuononga dziko.

Mavuto sanabwerere m'mbuyo. Mfundo zake za lero:

— mwamuna weniweni saphika
— mwamuna weniweni sachapa
— akazi akangoyamba kulandira malipiro awoawo, ulemu umathawa pazenera

Zonsezi akulemba atakhala pachidebe kubafa, yunifomu yake ili m'madzi a sopo. Lero ndi tsiku lakenso lophikira chipinda chonse. Nyemba.

Chisomo wayankha mzere umodzi: "Nanga kunoko amakuchapirani ndani, achimwene?" Azimayi onse a pagulupu athira timoto pansi pake. Mavuto akuti akumuukira chifukwa chonena zoona.

Ine monga adimini sinditenga mbali. Ndaika chala chokweza pa uthenga wa Mavuto, ndaikanso mtima pa wa Chisomo. Mavuto wandifunsa chifukwa chake iye walandira chala pomwe wina walandira mtima. Ndati foni inaterereka.

A Chikaonda sakulemba kanthu. Amangowerenga. Nsanje!

Nyemba zapserera.

Lachitatu

Lero za khungu.

Wina waponya vidiyo ya ku America: munthu wakuda akumutsatira m'sitolo ngati wakuba. Gulupu yonse yakwiya pamodzi. Kwa nthawi yoyamba tagwirizana! Ndatsala pang'ono kulira pageti.

Chisomo walemba zazitali. Akuti kukabwera alendo akuluakulu kuhotelo kwawo, iye amamuchotsa kutsogolo n'kumuika kuseri kuti aziyankha mafoni, poti "mawu ake ndi okoma". Ine ndaikapo mtima pomuikira kumbuyo. Mavuto: "Tsankho kulibe masiku ano, ndi maganizo anu chabe." Mavuto yemweyu amene akafuna takisi amatuma mnzathu wa m'chipinda, wa ku Nepal, kuti akaimitse, iye atabisala kuseri kwa mpanda.

Kuchokera apo zinthu zayenda motere:

— azungu ndi atsankho
— Aarabu nawonso
— koma amwenye amene timakwera nawo metro, fungo la zakudya zawo, ayi ndithu
— ndipo kunena zoona, inu akumpoto mumadzimva
— inu akummwera ndiye musayankhule n'komwe
— achewa ndinu ogona

Tinayamba ndi kulirira m'bale wathu wa ku America. Nkhomaliro isanakwane tafika potukwanirana agogo.

Mkati mwa nkhondoyo, mayi wina amene sindikumudziwa waponya chithunzi cha mabotolo: mafuta oyeretsa khungu, ochokera ku Dubai, zotsatira m'masabata ochepa. Nkhondo yaima kaye. Anthu akufunsa ngati alipo mabotolo aakulu. Mmodzi mwa ofunsawo ndi uja analemba m'mawa kuti "Ndine wakuda ndipo ndimanyadira." Akuti akufunsira mlamu wake.

Ndalemba MALANGIZO. Si malamulo, ndi malangizo chabe: tisatchule mitundu, tisatchule zigawo, malonda Loweruka lokha. Wina wayankha, "Wayamba." Sindikudziwa akutanthauza chiyani.

Lachinayi

Chipongwe!

Mavuto waponya chithunzi changa pagulupu. Ndili pampando wa pageti, chipewa chili pamphuno, kukamwa kuli yasa. Pansi walemba: "Mlonda wa ufulu wathu ali tcheru." Anandijambula mwezi watha atabwera kudzandilandira shifiti. Sindinali kugona. Ndinali kuganiza.

Gulupu yonse ikuseka. Wina wandijambulira ntchentche pamlomo. Chisomo waika tinkhope tolira ndi kuseka, mzere wathunthu. Ine dzulo lomweli ndinamuikira kumbuyo pa nkhani ya mafoni!

Ndachifufuta chithunzicho. Zifukwa zake n'zomveka:

— pachithunzipo pakuoneka baji ya kampani
— ufulu wolankhula ndi wa mawu, chithunzi si mawu
— anandijambula mbali yoipa

Mavuto wakuwa ndi zilembo zikuluzikulu: "AKUTITSEKA PAKAMWA!" Wachiponyanso. Ndafufutanso. Waponyanso, ulendo uno ntchentche zilipo ziwiri.

Ndamuchotsa. Osati kumuchotsa kwenikweni. Ndamupumitsa.

Vuto ndi loti munthu amene wam'pumitsa pagulupu ukamupeza kunyumba. Ndafika ku Al Mansoura, ali pabedi lake pamwamba pangapo, miyendo ikulendewera pankhope panga. Sitikuyankhulana. Ndikumva zala zake zikugogoda foni. Watsegula gulupu yake: BWALO LA UFULU WENIWENI. Wanditumizira linki kuti ndilowe, ndalowa kuti ndione, wandichotsa pompo. Bedi lonse likugwedezeka ndi kuseka kwake.

Mnzathu wa ku Nepal wafunsa ngati kwathu kwagwa maliro. Ndati ayi, ndi demokalase. Wati "Mafi mushkila," palibe vuto, n'kuvala zomvera m'makutu.

Lachisanu

Tsiku lopuma. Ndagula tiyi wa karak pakona, ndakhala pansi kuti ndikonze Bwalo mwamtendere.

Kenako pagulupu pabwera voisi. Nambala yachilendo. Mawu a mtsikana, otsika, ngati akulankhulira m'kabati.

Akuti dzina lake ndi Esinala, amagwira ntchito ya m'nyumba, foni amam'patsa Lachisanu lokha. Wina wamuuza kuti pali gulupu imene munthu amanena chilichonse. "Ndiye ndimati ndinene, achimwene." Madamu ake samuitana dzina, amangomuitana mtundu wa khungu lake. Ali ndi kapu yake ndi mbale yake, zimakhala pansi pa sinki pamodzi ndi sopo. Chibwerereni sanatulukepo pageti yekha. Watchula dera, watchulanso dzina la bwana. Sakupempha kanthu. Akungofunsa ngati zimakhala choncho kwa aliyense.

Bwalo lonse zii.

Anthu aja a Lachitatu, odziwa mbiri yonse ya ukapolo wa ku America, zii. Aja amati boma lililonse liziopa anthu ake, zii. Pansi pa voisi pakuoneka kuti amva pafupifupi onse.

Kenako foni yanga yayamba kulira kumbali, mmodzimmodzi:

"A Adimini, chotsani zija, mwatchulidwa dzina la munthu."
"Ine ndili ndi ana kumudzi."
"Kuno si kwathu, akuluakulu."
"Ndangotuluka kaye, musandione molakwika."

A Chikaonda aimba. Sanakalipe. "Mwana wanga, zikavuta amayamba kufunsa adimini. Nambala ya mtsikanayo ndasunga. Zinazo uganize wekha."

Ndaganiza. Ndaganiza za kontirakiti, za malata amene sindinamalize kukhoma kwathu ku Kasungu, za mayi. Tiyi wazizira. Ndafufuta.

Pamalo pa voisi patsala kamzere kakuti uthenga wachotsedwa ndi adimini. Esinala walemba: "Pepani ngati ndalakwitsa." Kenako foni yake yazima.

Chisomo: "Za ku America muli mikango. Za pa Doha pompano, amphaka onyowa." Palibe amene waikapo kamoto.

Loweruka

Ndatchuka.

Chisomo watuluka pagulupu m'mawa osatsanzika. Azimayi onse amutsatira, kupatula wa mafuta uja, poti lero ndi tsiku la malonda.

Pali sikirinishoti imene ikuzungulira: kumanzere malamulo anga a Lolemba, kumanja kamzere ka dzulo kaja. Sanawonjezepo mawu. Sipakufunikanso.

Mayina amene ndapatsidwa kuyambira m'mawa:

— kwa Mavuto ndi anthu ake: woko wamkulu, mdani wa ufulu
— kwa Chisomo ndi anzake: wamantha, mnzawo wa mabwana
— kwa akumpoto: wokondera akummwera
— kwa akummwera: wogulidwa ndi akumpoto
— kwa bambo wophika uja: chiwaya

Anthu amene sanagwirizanepo chilichonse sabata yonse agwirizana pa ine. Ena mwa amene akunditcha wamantha ndi omwe aja anandilembera kumbali dzulo kuti ndichotse. Mauthenga awo ndili nawo. Ndikanawaponya, koma ndiponya kuti? Amene angawerenge atsala ndani?

Mlongo wanga waimba kuchokera ku Kasungu. "Achimwene, akuti mwalowa ndale kumeneko? Amayi sanadye." Nkhani yawoloka nyanja usiku umodzi, pomwe katundu amene ndinatumiza pa Khirisimasi sanafikebe.

Masana supavaiza wafika pageti, foni m'manja. Wandionetsa chithunzi. Cha ntchentche ziwiri chija. Sakudziwa Chichewa, koma kukamwa koyasama sikufuna womasulira. Wati "Khalas," basi zatha: kuyambira mawa ndikulondera geti lakumbuyo, kwa mabini, ndipo foni izikhala m'dirowa yake mpaka poweruka.

Ndamva kuti Chisomo ndi a Chikaonda anakumana dzulo lomwelo m'dera la Al Asmakh, ndipo akufufuza ofesi yoyenera kukadandaulako za Esinala. Mwakachetechete, opanda gulupu. A Chikaonda omwewo, opondereza aja. Sanandiitane. Ndikanapita. Ndikuganiza kuti ndikanapita.

Lamulungu

Kwathu anthu ali kutchalitchi. Kuno ndi tsiku la ntchito.

Geti lakumbuyo. Waifai sifika, mthunzi sufika, mphepo imafika koma yadzera kumabini. Anzanga: amphaka. Ouma bwinobwino, ndipo saopa munthu.

Ndisanapereke foni ndayang'ana Bwalo. Osawerengera Esinala, amene foni yake ndi yozima, tatsala atatu: ine, mayi wa mafuta, ndi bambo wina amene ndinamuika ndekha Lolemba osadziwa kuti anabwerera ku Malawi chaka chatha ndipo nambala yake sigwiranso. Mtendere wokhawokha. Palibe wotukwana mnzake. Mayi wa mafuta wafunsa ngati angamagulitsenso Lamulungu. Ndati gulitsani, mayi, masiku onse.

Mavuto wandilankhula m'mawa, koyamba chichokereni Lachinayi. Gulupu yake yagawikanso pawiri, amuchotsa pa uadimini chifukwa chofufuta chithunzi chake ali pachidebe. Akuti anthu sadziwa kugwiritsa ntchito ufulu. Ndati eya. Wandibwereka sopo.

Chisomo wandibuloka. Chithunzi chake chasanduka kamutu kotuwa.

Nambala ya Esinala ndinaisunga, sindikudziwa chifukwa chake. M'basi ndalemba uthenga wautali wofotokoza za kontirakiti, za udindo wa adimini, za mmene zinthu zilili kuno. Ndawerenga, ndafufuta. Kufufuta ndiye ndakuzolowera. Ndalemba wina: "Simunalakwitse, achemwali. Sizikhala choncho kwa aliyense." Ndatumiza.

Kachizindikiro kamodzi. Sunafike.

Foni yake idzayaka Lachisanu. Yanga ili m'dirowa ya supavaiza. Galimoto ya zinyalala ikubwerera chammbuyo, dalaivala akukuwa mondifulumiza, "Yalla, yalla!" Ndikatsegule geti.