Tsiku Limene Ndinauveka Mwala Chitenje

Anzanga a ku koleji akandifunsa kuti ndinaphunzira kuti kuwerenga ndekha, ndimangoti, "Kuphiri," n'kusintha nkhani. Lero ndinene, museke kamodzi zithe.

Chaka chimene ndinasankhidwa kupita ku yunivesite ndi chomwenso amayi anatisiya. Kuyambira ku pulayimale ine sindinkatha kuwerenga chamumtima. Ndinkakhala pakhonde kwathu ku Chilobwe, amayi akusankha nyemba m'lichero, ine n'kumawafotokozera zam'buku, iwo n'kumavomera osadzutsa mutu. Atapita, ndinkati ndikatsegula buku ndinkangoona zilembo. Mnzanga wina amene anali kale ku koleji anandibwereka chibuku cha Bayoloje n'kundichenjeza: "Aise, kumeneko kulibe wokulembera manotsi pabolodi, umadzionera wekha." Ndinayamba kuganiza zowauza abambo kuti malo angawo atenge wina.

Ndiye ndinati ndiyese komaliza. Pakhonde paja sindikanatha, ndinkapadutsa mofulumira. M'mawa wina ndinakwera phiri la Soche, buku kukhwapa, nditatenganso chitenje cha amayi choti ndikayale pokhala. Cholakwika pamenepo n'chiyani?

Ndinapeza malo abata. Ndinawerenga chamumtima, osalowa. Ndinawerenga mokweza, mawu ankangouluka ndi mphepo. Patsogolo panga panali mwala, msinkhu wake ngati munthu wokhala pansi. Musandifunse kuti nzeru imeneyi inachokera kuti, koma ndinatenga chitenje chija n'kuufunditsa mwalawo. Buku ndinalitsamiritsa pansi pake, ndipo kuti ndione bwino ndinagwada. Ndinayamba kufotokoza mmene magazi amayendera m'thupi, ndipo zinayamba kulowa! Nditafika pakati, ndinati, "Amayi, mwamva?" Misozi inangobwera yokha.

Ine Mkatolika wochokera ku Nsanje, wozolowera misa yam'mawa n'kubwerera kunyumba, ndinaiwala kuti phiri lija lili ndi eni ake: amayi a mapemphero amene amakwera kukasala kudya.

"Mwazi wa Yesu!"

Nditacheuka ndinaona amayi angapo ovala zoyera, maduku kumutu, ataima chapatali. Taganizani zimene ankaona iwowo: mnyamata wagwada, akulira, akuyankhula ndi mwala wovala chitenje.

Wamkulu wawo, mayi wonenepa wa ndodo m'manja, anasendera. "Mwana iwe, wakutuma ndani?"

Apa n'kanangoti ndikuwerenga, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinaleredwa kuti akulu akamayankhula sumawadula. Ndinangoti zii.

"Sichikufuna kuyankhula," anatero wina. "Chiwanda chouma mutu chimenechi."

Anandizungulira. Nyimbo inayamba, manja pamutu, manja pamapewa, wina akundikuwira m'khutu kuti tuluka, tuluka. Ndinati ndiimirire mwaulemu ndifotokoze, koma miyendo inali itachita dzanzi, ndipo mayi wamkulu uja atangondikhudza pachipumi ndinagwa chagada mu udzu, patapata imodzi n'kuuluka. Nthungululu zake! Ndikukhulupirira zinamveka mpaka ku Zingwangwa.

Wina anakasolola chitenje pamwala paja, atachigwira ndi zala ziwiri. "Tiwotche ichi."

Pamenepo ndiye mawu anabwera. "Chonde ayi. Ndi cha amayi anga. Anamwalira."

Nyimbo inaduka. Ndinafotokoza zonse nditakhala mu udzu momwemo, za khonde, za koleji, za mwalawo. Mayi wamkulu uja analanda chitenje chija, anachikutumula, anachipinda bwinobwino ngati chopita nacho kutchalitchi, n'kuchiika pamiyendo panga.

"Ndiye umauza mwala ife tilipo? Atsikana, khalani pansi. Yamba, mwanawe."

Ndinawaphunzitsa anthu anjala aja za mtima ndi mitsempha mpaka dzuwa linatentha. Ndikapuma ankati, "Ameni." Mmodzi anagona. Wina anafunsa ngati ndingamuthandize BP. Koma nditatseka buku ndinapeza kuti mutu wonse uja ndaufotokoza osayang'anamo.

Ndinatsika ndili wopepuka, ndikuganiza kuti za kuphiri zatsala kuphiri. Ku Chilobwe? Lamulungu lisanafike, umboni unali utaperekedwa kale kuti mwana wa Akatolika wamasulidwa ku Soche, anachita kugwa.

Abambo, amene chichitikire maliro ankangoyankhula za magetsi ndi madzi, anabwera kuchokera ku misa n'kukhala pampando wawo, akumasula nsapato.

"Ndamva kuti akutulutsa chiwanda."

"Eya, bambo."

"Chinali chachikulu?"

"Akuti chouma mutu."

"Ndiye n'cha kuchimuna chimenecho," anatero. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, anaseka mpaka kupukuta m'maso, ine n'kuseka nawo, ndipo sitinafunsane kuti misoziyo inali ya chiyani. Atapuma anati, "Mawa tikayang'ane sutikesi ku Limbe."

Ku koleji ndinapita. Mpaka lero ndimawerenga moyankhula, koma chitseko chili chotseka, nditakhala pampando. Zogwadira buku pamtunda ndinasiya, ndipo mwala uliwonse wa m'Malawi muno, ngakhale kuzizire chotani mu Juni, udzazizidwa wokha. Ine sindidzauvekanso.