Bwalo la Kiriketi Limene Ndinazira ku Nsaru

Tsitsani makasu anu kaye. Inu a Chimbalanga, ndikudziwa kuti ndinu tcheyamani wa komiti ya sukulu, koma amene anakuphunzitsani kugwira pensulo pansi pa mtengo uwo ndine, ndiye khalani pansi mumve. Kalata yanu ndinaiwerenga kawiri. Mukufuna kumanga makalasi awiri pompano, dothi lake muumbire njerwa. Palibe choipa m'menemo, kupatula pamene mwalemba kuti "kamalo kouma ka kuseri kwa sukulu." Kamalo! Pamene ndakhala panopa ndi pakati pa bwalo la kiriketi la mayiko onse, ndipo amene analimanga ndine, Nambewe, ndi manja awiri awa. Wotsutsa aimirire ndimuone nkhope. Mukuseka, eti? Sekani, mano ndi anu.

Ambiri mwa inu simunaonepo kiriketi, ndipo si mlandu wanu. Ndi masewera a kampira kofiira, kakang'ono ngati lalanje koma kolimba ngati mwala. Wina amaponya, wina amamenya ndi thabwa poteteza timitengo titatu tozika kumbuyo kwake. Bwalo lonse limakhala la udzu, koma pakati pamakhala kanjira kosalala, mapazi makumi awiri ndi awiri, pamene mpira umadumphira usanafike kwa womenya. Kanjira kameneka ndiye mtima wa bwalo. Kakaipa, kaya mumange mipando yagolide, mulibe bwalo.

Zimenezi anandiphunzitsa ndi amuna anga, malemu a Mwale, mkamwini wochokera ku Ntchisi. Iwo anagwira ntchito zaka zambiri pa bwalo lina mu tauni ku Lilongwe, kutchetcha udzu, kuthirira, ndi kukoka chimgolo chachitsulo chopsinjira kanjira kaja. Zipani zambiri zitangobwera, nthawi imene sukulu inakhala yaulere ana n'kusefukira ngati nyerere, ntchito inawathera, ndipo anabwera kuno ku Nsaru ndi chikwama chimodzi. Tsiku lina anaima kuseri kuno nati, "Nambewe, dothi la kiriketi ndi dothi la chulu, ndipo kuno chulu chili paliponse. Chosowa ndi chimgolo basi." Ine ndinati, "Bambo, pansi pa nyumba imene mumagonamo panadutsa chimgolo? Kodi simunaonepo mkazi akuzira?"

Tsono mumve. Chulu cha kuno chinali cha mchenga, ndiye ndinapita wapansi mpaka ku Kabudula, ndinapeza chulu chachitali kuposa tchalitchi chathu chija, ndinachizunguliza ndi khasu, ndinapinda chitenje kukhala nkhata, ndinachisenza chonse pamutu ndi chiswe chake chomwe, ndipo pobwera thukuta langa linkagwa kwambiri moti ngumbi za m'katimo zinayesa kuti mvula yoyamba yafika, zinatuluka mwezi wa Ogasiti, zinaphimba dzuwa, nkhuku zinalowa m'khola masana, ndipo anthu a ku Kasiya anadya ngumbi mpaka nthawi yodzala. Mukumva? Madzi ndinkatunga kudambo uko, ndipo ndinatunga mpaka dambo linaphwa, milamba inatuluka n'kumanditsatira pambuyo pamsewu, yotuwa ndi fumbi, kupempha kuti ndibwezeko pang'ono. Ndinabweza ndowa ziwiri. Ndine munthu wa tchalitchi.

Kenaka ndinagwada. Ndinaponda dothi, ndinalisefa ndi zala, ndinazira, ndinatenga nkhulungo, mwala wosalazira umene anandisiyira amayi anga, ndipo ndinakulunga kuyambira mbali ya kuchigayo mpaka mbali ya kudambo, kubwerera, kupitanso, osadzuka, osamwa madzi, mpaka maondo anga anakumba maenje awiri aja mumamwetsamo ng'ombe masiku ano. Kanjirako kanasalala moti tambala wa a hedi anadziona m'menemo n'kumenyana ndi chithunzi chake mpaka kukomoka, abusa podutsa anayang'ana pansi n'kudziwa koyamba kuti ali ndi dazi, ndipo ntchentche ina inangotera kamodzi n'kuterereka osaima mpaka ku Mpingu. Ena amati inakafika ku Namitete. Ndinamvetsera mbali zonse ziwiri, ndipo ine ndimakhulupirira za Mpingu. Sindikonda kukokomeza nkhani.

Bwalo la mayiko onse silikhala kanjira kokha, limafuna zipangizo zake. Pa malo okhala oonerera ndinaunda mizere kuzungulira, mzere pamwamba pa mzere ngati makwerero, moti wokhala pamwamba penipeni ankaona amene walowa ndi amene watuluka pachipatala cha Kabudula. Chingwe cha m'malire ndinapota ndekha pantchafu, luzi lake linatha nkhalango. Udzu ndinkatchetcha ndi mbuzi zisanu ndi ziwiri zimene ndinaziphunzitsa kusiya msinkhu wa chala chimodzi, ndipo yopyola muyeso inkadzichotsa yokha pamzere mwamanyazi. Kumbuyo kwa woponya kumafunika chinthu choyera kuti womenya auone mpira bwino. Ine ndinkayanika ufa pamphasa n'kuimika mphasazo chilili, ufa osagwa, chifukwa unkandiopa. Mvula ikabwera, kanjirako ndinkakafunditsa ndi tsamba limodzi la fodya wa m'munda mwanga, ndipo m'mphepete munkatsala malo obisalamo osewera onse. Zigoli ndinkalemba pabolodi la Sitandade 5, ndi choko chachitali ngati munsi. Magetsi okha sindinaike. Amenewo ndikuvomera, tinaperewera.

Mbiri inamveka. Anabwera a ku India, a ku Zimbabwe, a ku Kenya ndi a ku Mangalande, atavala zoyera ngati a kwaya, ndipo minibasi zitadzaza anakwera njinga za kabaza, mzere wake kuyambira pamsewu wa Mchinji mpaka pachigayo. Timu yathu inaperewera munthu mmodzi, ndiye ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinagulula mpini wa khasu, ndinaima. Woponya wawo anali wamtali moti chipewa chake chinkanyowa ndi mitambo, ndipo liwiro lake ankaliyambira ku Chitedze kuti pofika pano likhale litapsa. Anaponya. Mpira unalira ngati mluzu, unadumpha pakanjira kanga mwaulemu, ine ndinaumenya, ndipo unadutsa pamwamba pa Kasiya, unaoloka Bua, unalowa m'Zambia popanda chiphaso, unazungulira, unabwera tsiku lachitatu uli wozizira ngati matalala n'kugwera m'thumba la woimbira masewero, amene anali ataimika manja m'mwamba kusonyeza chigoli masiku onsewo mpaka mbalame zinamangapo zisa. Mukumva? Masiku asanu ndinaima pamenepa, alendo akusinthana kuponya mpaka mapewa awo anaguluka, ndipo palibe anagwetsa kamtengo kanga ngakhale kamodzi.

Koma chimene ndimakumbukira si chimenecho. Masewera atatha, akuluakulu onse a matimu aja anayenda pamzere kupita pamene anaima a Mwale, atavala jekete lawo la Sabata. Anavula zipewa. Wamkulu wawo anagwada, anapapasa dothi ndi chikhatho, nati m'chingerezi, "Bambo, tayenda mayiko onse, koma kanjira ngati aka sitinakaone. Ndinu katswiri."  A Mwale anangoweramitsa mutu. Kenaka alendowo anawapatsa thabwa kuti...

Mwati chiyani, a Chimbalanga? Nenani mokweza, makutu anakalamba. Mukuti chaka chimenecho munali m'kalasi mwanga ndipo simunaone mlendo aliyense? Inu munkagona m'kalasi, mukanaona chiyani? Mukuti bolodi silinachokepo pamtengo? Inunso a Nabanda mukugwedeza mutu, inu amene munagwada nane pano?

Chabwino.

Ndinaphunzira ku koleji kuti mphunzitsi akafunsidwa funso loona ayankhe zoona, ngakhale wofunsayo anali wotsiriza pa masamu. Chulu chinali kuseri kwa zimbudzi uko. Dothi tinatuta ndi ndowa, ine ndi a Nabanda ndi amayi ena awiri a kutchalitchi amene anatisiya kale, ndipo zinatitengera chilimwe chonse, madzulo ndikaweruka. A Mwale anali atayamba kale kutsokomola. Tinkawaikira mpando pamthunzi, iwo n'kumaloza ndi ndodo: apa patsika, apa thirani madzi, apa bwerezani. Ankatikalipira ngati ndife antchito awo, ife n'kumaseka, chifukwa inali nthawi yokhayo imene mawu awo ankatuluka amphamvu. Tsiku limene tinamaliza anadzuka, anayenda mapazi makumi awiri ndi awiri aja atandigwira phewa, anapapasa pansi ndi chikhatho, nati, "Chimgolo chachepa. Kaume masabata awiri, ndidzayambe ndine."

Pamenepo m'pamene anandiuza chinthu chimene anandibisira ukwati wathu wonse. Zaka zonse zija mu tauni, kanjira ankakonza ndi iwo, koma thabwa sanaligwirepo. Masewera akamayamba, wosamalira bwalo amakaima kuseri kwa chingwe. Sanadandaule za mabwana awo, ankati anali anthu abwino, kungoti palibe anaganizapo zowafunsa, ndipo iwonso sanapemphe. Ankafuna kuima kamodzi kokha pakanjira kawokawo, munthu wina awaponyere.

Sabata yachiwiri isanathe tinawatengera kuchipatala pa ngolo. Sanabwerere.

Abale awo anabwera ndi lole kuchokera ku Ntchisi. Anati mkamwini ndi wobwereka, akagona amabwerera kwa amayi ake. Ndinalira, ndinapempha, koma sindinganene kuti analakwa. Mwambowo ndi wathu womwe. Mlongo wanga atamwalira kuchikamwini ku Mchinji, ndine ndinatsogolera kukamutenga, ndipo mkazi wake analira momwe ndinalirira ine, ine osatembenuka. Apongozi anga nawonso anali ndi ufulu wokhala ndi mwana wawo pafupi. Manda a amuna anga ndinawaona kawiri. Tsopano miyendo iyi singakwerenso matola, ndipo amene ankandidziwa kumeneko anatha.

Ndiye chaka chilichonse tikakolola, anzanga akamapita kukalambula kumanda kwa amuna awo, ine ndimabwera pano ndi ndowa ndi nkhulungo. Ndimazula udzu, ndimazira, ndimakulunga. Mwakhala mukundiona, ndipo ndikudziwa zimene ana amanena, kuti aphunzitsi akale aja mutu unasokonekera. Ine ndinkaona kuti kuli bwino azinditcha wabodza kusiyana ndi kumandimvera chisoni. Palibe mpira unadumphapo pano, a Chimbalanga. Ngakhale umodzi. Ine sindidziwa n'komwe kagwiridwe ka thabwa.

Musayang'ane pansi, simunandilakwire. Mbali yanu ndikuidziwa kuposa inu. Ndaphunzitsa pansi pa mtengo zaka zochuluka, ndaona makope akunyowa, ndaona mtambo umodzi ukutseka sukulu yonse, ndaona atsikana akusiya sukulu chifukwa chotopa kukhala pafumbi. Dzulo ndinadutsa pa Sitandade 2, ana atakhala pamiyala, mphepo ikuwathira mchenga m'maso. Malo ena onse ndi otsetsereka kapena ndi minda ya anthu, ndinayendamo ndekha kufuna pokuuzani kuti mukamange, sindinapapeze. Ndipo dothi ili ndi la chulu, losefedwa ndi manja, lopanda kamwala, losanjikizana chaka ndi chaka mpaka kufika m'bondo. Mukanakhala opusa mukanakakumba kwina. Usiku ndi usana ndayeza mbali ziwirizi, ndipo nthawi zonse ana akulemera kuposa ine. A Mwale akanakhalapo akanakukalipirani, kenaka akanakuuzani poyambira kukumba.

Koma lembani mu buku lanu la komiti, ndipo izi ndikulumbira: njerwa za dothi ili sizidzasweka, chiswe sichidzazilowa chifukwa ndi kwawo, ndipo mwana amene adzaphunzire m'makalasi amenewo sadzalephera mayeso ngakhale atafuna. Amene akutsutsa adzabwere kudzandiuza ndikali moyo.

Tsopano ndigwireni dzanja, a Nabanda, maondo akana. Inu a tcheyamani, bweretsani khasu lanulo kuno. Ayi, musandikumbire, mudzakumba pambuyo panga. Loyamba ndi langa. Munthu uja tulo take n'topepuka, ndipo akamva khasu likulira pakanjira kake adzafunsa kuti ndani. Ndikufuna adziwe kuti ndi mkazi wake.