Tsiku limene ndinapeta mafayilo palichero

Ndamva ku Naisi, pogula tomato, kuti a Mwatiha akwezedwa pa ntchito ndipo ofesi yawo aiyalira kapeti, ati chifukwa ndiwo anapulumutsa mafayilo a sukulu. Za kapetizo mwina n'zoona mwina ayi, munthu uja amalowa ndi matope paliponse. Koma amene akukhulupirira zoti anapulumutsa ndi iwowo abwere andiyang'ane kumaso. Anapulumutsa ndine, Anachisale, wokolopa, wolekezera sitandade sikisi, ndipo wokayika adzagwire msana wangawu aone ngati ukuwongoka.

Sukuluyo sinditchula, ili muno m'Domasi. Ndinakolopamo mpaka manja kusanduka chikumba. Kuseri kwa ofesi kuli kachipinda kozizira ngati pamwamba pa phiri la Zomba mu Juni, ndipo mmenemo muli chimakina chimene amati seva, nkhokwe yosungira zonse zolembedwa m'makompyuta: mayina a ana, malikisi, makalata. Za zaka zakale zinatsala mmenemo mokha. Ndiye disiki yake inadzadza, a hedi n'kugula ina yosunga zambiri. Ntchito ya a Mwatiha, bwana wa makompyuta, inali imodzi basi, kukhuthula za m'yakale kuthira m'yatsopano.

Madisikiwo anali ofanana ngati mapasa. Bamboyo anadula timapepala tiwiri, n'kulemba "yakale", "yatsopano", n'kumata ndi selotepi. Atatero anapita kukadya nkhomaliro kwa Abiti Juma, ogulitsa nsalu ku Naisi, chonsecho akazi awo ali ku Malemia kudikira ndi ndiwo zozizira. Izo n'zina. Ine ndinalowa kupukuta fumbi monga mwa masiku onse, n'kutuluka. A Mwatiha anabwera mafuta ali pakamwa, osatsegula n'komwe kuti aone mkati mwa madisiki muli chiyani, anangodina. Mukumva? Anatenga yopanda kanthu n'kuikhuthulira pa yodzadza!

Ndinangomva phuu, ndipo polowa ndinapeza mafayilo akukhuthukira pansi ngati mpunga m'thumba loboola makoswe, afika kale m'maondo, ena akutulukira pansi pa chitseko, kudutsa pabwalo la mpira, kutsetserekera kumtsinje wa Domasi, pomwe a Mwatiha akwera pampando, tayi ili kumbuyo, akulira ngati mbuzi yokodwa pachingwe.

"Mayi, ndithandizeni, ndili ndi ana!"

"Ana a kuti, bwana, a ku Malemia kapena a ku Naisi?"

Komabe mtima wangawu ndi umene umandipweteketsa. Ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinathamanga mpaka kupitirira minibasi ya ku Liwonde ili pa liwiro, kondakitala n'kundikuwira kuti ndimutengereko anthu, ndinadumphira mumtsinje, ndinavuula mafayilo ndi mpango ngati matemba, fomu folo yathunthu ndinailanda m'kamwa mwa mlamba, ndinayanika zonse padenga la ofesi, dzuwa litafuna kupendeka ndinalikalipira, linaima mpaka zitauma. Ndikulumbira pa manda a mayi anga. Kenako ndinakabwereka lichero kwa ophika, n'kuyamba kupeta. Malikisi a masamu anali opepuka ngati mankhusu, ndinachita kuwagwira m'malere. Mayina ndiwo anali olemera. Ndinawasenza m'beseni pamutu, ndipo mapazi anga analowa m'simenti mpaka m'akakolo, sitepe iliyonse dzenje. Ngati kapeti ija ilikodi, aiyala kuti abise mapazi angawo. Mukumva?

Ndinathira zonse m'disiki yatsopano ndi fanulo ya palafini, kutsendera ndi munsi, osatayako ngakhale kadontho ka pamwamba pa chilembo. Vuto linali limodzi. Mayina ena anathyoka pogwa, dzina la mwana lilipo, la bambo palibe. Nanga m'Domasi muno alipo mwana amene ine sindidziwa bambo ake? Ndinalumikiza ndekha, ndipo ndinaika a bambo enieni, osati a pakhadi. Makalata atatuluka, mwana wa ophika anatuluka ndi dzina la a hedi, mapasa a mlonda wa pageti anatuluka ndi abambo awiri. Kunabweradi katswiri wina wa ku Blantyre, anadzitsekera m'kachipinda muja masiku atatu, koma anapeza ine nditamaliza kale.

Malipiro anga mukuwadziwa? Lolemba a hedi anandiitana, a Mwatiha ali pambali, tayi yabwerera kutsogolo, maso ali pafoni.

"Anachisale, akuti munazula waya wa seva kuti muphitse madzi a tiyi."

"Ketulo yake iti, bwana? Ija munapita nayo kunyumba?"

Anandilanda makiyi pomwepo, ndi yunifolomu yomwe, yong'ambika m'khwapa. Lero ndimadzuka m'mamawa kukawokera mpunga m'minda ya eni, madzi m'miyendo, misundu ikundiyamwa, pomwe munthu amene ndinamutsitsa pampando akudutsa pamsewu pagalimoto osatsitsa ngakhale galasi. Ana amene mayina awo ndinawatola mumtsinje amandipatsa moni wa pamphuno.

Koma pakamwa pa mwamuna sipatsekeka akakhuta. Mwezi wathawu a Mwatiha anaulula kwa Abiti Juma kuti za ketulo anapeka ali pakhomo la a hedi, ndiponso kuti mkati mwa madisiki sanayang'anemo, anangokhulupirira timapepala. Atangoyambana pa nkhani ya mkazi wina wa ku Malosa, Abiti Juma anandiitana kuseri kwa nsalu zawo n'kundikhuthulira zonse. Ndinasangalala, abale, mpaka lilime linandithawa. Ndinawauza kuti timapepala tija tinagwa pamene ndimapukuta ndi kansanza konyowa, ndipo ndinatimatanso mmene zinandikomera m'maso, nanga madisiki ake ofanana chonchija ndikanadziwa bwanji?

Ndinawalumbiritsa kuti asauze munthu. Abiti Juma mumawadziwa. Ndiye ndati ndikuuzeni ndekha lero, asanafike kwa inu ndi bodza.