Kamzere Kosaduka pa Ukwati wa Luzia

Lolemba
Purogaramu ya ukwati wa mng'ono wanga Luzia aisiya m'manja mwanga, poti wa komputadori m'banja muno ndine. Mutu wake: Ukwati wa Mabanja a Chiwanga-Maniamba. Ife asodzi a ku Chiwanga, mkwati ndi mlimi wa chinangwa wa ku Maniamba, kumtunda uko. Mutuwo ndaulemba kamodzi kokha mu Propriedades, muja mosungira mbiri ya fayilo, kuti uzitulukira wokha pamwamba pa tsamba lililonse. Koma ndili ndi nzeru ine!

Lachiwiri
Mutu watalika, wadukira pa kamzere kolumikiza mayina awiriwo. Chiwanga pamwamba, Maniamba wagwera pansi. Amalume a mkwati atsika pa chapa, kaminibasi kathu kaja, aona mutuwo pa komputadori, avula magalasi. "Ndiye kuti ife ndife apansi?" Akuti zikakhala choncho Loweruka saimirira ngati ankhoswe. Popanda iwo palibe ukwati. Luzia akulira kuseri kwa thandala la usipa.

Lachitatu
Kuli kamzere kosaduka! Ctrl, Shift ndi kamzereko, zala zitatu nthawi imodzi. M'kati mwa tsamba kakugwira bwinobwino. Mu Propriedades ndadina mpaka chala kuwawa. Ziii, kakukana kulowa.

Lachinayi
Zomwe ndayesa:
– kuchepetsa zilembo. Azakhali akuti okalamba awerenga ndi maso a ndani?
– kutembenuza mayina, Chiwanga apite pansi. Azakhali omwewo: "Tinabadwira pa mishoni ife, sitikhala pansi pa munthu."
– kuchotseratu kamzereko. Abambo akuti ndathetsa ukwati usanayambe.
– kuilalatira komputadori.

Lachisanu
Ndapeza kamzere kosaduka kena pa intaneti, ndakakopera, ndakamata mu Propriedades. Kagwira! Mayina onse awiri akhala pamzere umodzi ngati mapasa. Ndapalasa njinga mpaka ku Metangula kukasindikiza, nyimbo pakamwa. Kani makina akumeneko sakadziwa kamzere kanga. Pamalo pake aikapo kabokosi kopanda kanthu, masamba onse. Ndazionera kunyumba, nditamasula mtolo.

Loweruka
Chiyambire m'mawa ndili kuseri kwa tchalitchi ndi cholembera chakuda, kudetsa timabokosi kamodzikamodzi kuti tioneke ngati timizere tonenepa. Nthungululu ndikungozimvera kutali. Luzia walowa ine osamuona, ndipo zandipweteka, ndisaname. Koma amalume aimirira, ukwati wadalitsidwa. Mapepala anga anthu akudzikupizira nawo, kwatentha.

Lamulungu
Amalume abwera kudzatsanzika. Andiyamika kwambiri, akuti kukhala pamzere umodzi ndiwo ulemu. Kenako apisa m'thumba la jekete, atambasula pepala la purogaramu pabondo, aikapo chala.

"Koma mwanangu, nanga bwanji Chiwanga ali patsogolo?"

Ndawamangira usipa wa panjira, ndawaperekeza mpaka pokwerera chapa. Purogaramu ya ubatizo wa mwana woyamba akalembe okha a ku Maniamba, ndi manja.