Diresi Langa la Dilafuti ku Ukwati wa ku Balaka

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Nkaya pali anthu amene amandifunsa ngati tebulo ndalisiya kunyumba. Ndimangoseka nawo, poti mlandu wake ndi wanga ndekha.

Amuna anga, bambo a Rozina, atamwalira ndinavala zakuda chaka chathunthu. Chaka chimenecho sindinaponde ku ukwati, sindinavine. Anthu akandiona ankapendeketsa mutu n'kunena kuti "pepani mayi," ngakhale ndikungogula tomato. Ndiye titangochita Misa yovula zakuda, uthenga unabwera woti mwana wa alamu anga a Felista, mchemwali wa malemu, akukwatiwa ku Balaka. Mtima unadumpha ngati wa mtsikana. Ndinati tsiku limenelo abale a amuna anga andione nditaimirira bwinobwino, asiye kundimvera chisoni.

Ndinakwera sitima kukagula nsalu ku Balaka komweko. Zitenje zamaluwa zinali mbwee, koma maso anga anagwera pa nsalu ya timabokosi tofiira ndi toyera. Kwathu nsalu imeneyi timaitcha dilafuti, chifukwa imafanana ndi thabwa limene abambo amaseweretsapo zitsekerero za mabotolo. Bambo a Rozina anali katswiri wa masewera amenewo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi njanji, ndipo anali ndi shati ya nsalu yomweyi imene anaivala mpaka kolala inatha.

Wogulitsa anati, "Mayi, iyi ambiri amagula ya patebulo. Dzulo lomweli ena atenga mpukutu wonse."

Ine ndinati, "Tebulo silivina, achimwene. Dulani mamita sikisi."

(Mawu oti mpukutu wonse aja ndinawamva bwinobwino, koma mutu unali kale kugule.)

Telala wathu, Che Jafali, ataitambasula anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Amake Rozina, mwatsegula malo odyera?"

"Iyayi. Sokani diresi lalitali lofika pansi, lotambalala, manja otukumuka. Yotsalayo ikhale duku."

Anasokadi. Nditaliyesa ndinazungulira katatu m'nyumba, nkhuku mpaka kuthawa pakhomo.

Tsiku la ukwati ndinatsika kabaza pakhomo pa holo nditanyamula mapewa. Nditalowa ndinaima chilili. Matebulo onse, kuyambira kukhomo mpaka kutsogolo kwa akwati, anali atayalidwa dilafuti wofiira ndi woyera. Amayi ogawa chakudya nawonso anali atamanga maepuloni a nsalu yomweyo. Mpukutu uja ndinaupeza.

Ndisanaganize chochita, mayi wina wa komiti amene sindimamudziwa anandipatsa beseni ndi jagi. "Mwachedwatu inu. Yambani kusambitsa m'manja mzere uwo."

Ndikanatha kunena kuti ndine mlendo wolemekezeka. Koma munthu akakupatsa jagi, manja amalandira okha. Ndinasambitsa anthu mizere iwiri yathunthu, wina mpaka kundidzudzula kuti madzi ndikuthira ochepa. Anandipulumutsa ndi alamu anga a Felista, amene anandilanda beseni n'kundikokera ku tebulo la abale.

"Alamu, khalani apa. Mwatchena," anatero, koma maso awo ankapita pa ine, n'kupita patebulo, n'kubwereranso pa ine.

Ndinakhala pakona, n'kudzikankhira pafupi kwambiri ndi tebulo kuti diresi libisike. Apo ndi pamene ndinalakwitsa zenizeni, chifukwa tsopano panalibe wodziwa pamene tebulo lathera ndi pamene ine ndayambira. Amalume a mkwati, bambo achikulire aulemu wawo, atamaliza ntchafu ya nkhuku anagwira nsalu imene inali pafupi n'kupukutira zala chimodzichimodzi. Linali bondo langa. Ndinangoyang'ana kudenga.

Kenaka kunayamba kamphepo kolowera pazenera, nsalu za matebulo n'kumauluka. Mayi wa komiti uja anayamba kuzungulira ndi mapini, akugwada pakona iliyonse kumangirira nsalu. Ndinamumva akugwiragwira cha kumapazi kwanga, koma ndinaganiza kuti akutola mafupa.

Nthawi ya pelekanipelekani itakwana, woyendetsa mwambo anakuwa pa chimkuzamawu kuti, "Tsopano tilandire akazi a malemu amalume a mkwatibwi, kuchokera ku Nkaya." Nyimbo imene woimba anaika inali yomwe bambo a Rozina ankaikonda. Chaka chonse miyendo inali ikudikira nthawi imeneyi. Sindinadzuke pang'onopang'ono ngati mayi wamkulu, iyayi. Ndinanyamuka ndi liwiro, manja m'mwamba, nthungululu pakamwa.

Tebulo lonse linanditsatira. Nsalu inabwera, mbale za mpunga zinabwera, mabotolo anagubuduka, msuzi wa nkhuku unakathera pa thalauza la amalume a mkwati aja. (Mulungu andikhululukire, pamenepo pokha sindinamve chisoni kwenikweni.) Woimba anazimitsa nyimbo. Ine ndinaima pakati pa holo, kumbuyo kwanga kukukwekwereka mchira wa mamita anayi, supuni ili lende pa pini.

Ndinaona mitu ikuyamba kupendekeka, kupendekeka kuja kwa "pepani mayi." Misozi inali pafupi. Ndinati basi, ndabwera kudzachotsa chisoni, ndachiwonjezera.

Pamenepo a Felista anaimirira. Anayenda mondizungulira akuyang'ana diresi, kenaka anatola chitsekerero cha botolo pansi n'kuchiika paphewa panga, pakabokosi koyera.

"Achimwene akanakhalapo," anatero mokweza, "bwenzi atakugonekani pansi pompano n'kuitana anzawo a kunjanji. Thabwa lalikulu chonchi sanalionepo."

Kuseka kunayambira mwa ine. Kunatuluka kokha, kwamphamvu, mpaka ndinagwira mawondo. Holo yonse inatsatira, ngakhale amalume a msuzi aja. A Felista anakuwira woimba kuti abwezere nyimbo, iwo n'kunyamula mchira wanga uja ngati wogwirira chovala cha mkwatibwi. Tinavina choncho kuzungulira holo kawiri, amayi a maepuloni n'kulowa pambuyo pathu, tonse yunifolomu imodzi. Tsiku limenelo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza pepani, kupatula mayi wa mapini.

Rozina akuti diresilo ndilipasule likhale makatani. Ndakana. Ndimalivalabe Lamlungu, ndipo wogulitsa nsalu akandichenjezanso mawa, sindikulonjeza kuti ndidzamva. Chimene ndinaphunzira n'chimodzi chokha: ndikafika pamwambo ndimayamba ndasuzumira pazenera kuona matebulo, ndipo ndisanaimirire kukavina ndimagwedeza kaye mwendo kuti ndimve ngati ndili ndekha.