Nati ya Ngolo ya Apongozi

Lolemba, 8 Meyi 1995
Tayala la kumanzere la ngolo laphwa. Ngoloyi anasiya malemu apongozi, matayala ake anachotsa ku lole yakalekale. Mabelo anga anayi a fodya wa bale, oyamba kulembedwa dzina langa patatha zaka zonsezi ndikulemeretsa eni esiteti, ayenera kufika pa Mitundu Loweruka m'mawa. Lole ya kalabu yathu ya alimi yopita ku okushoni ku Lilongwe siyembekeza munthu.

Kantchito kochepa: manati asanu, kuchotsa tayala, kukamatitsa, basi. Nati yoyamba yakana. Dzimbiri!

Mayi a Chikondi, akazi anga, akudutsa ndi ndowa. "Bambo a Chikondi, tayala limenelo atate ankati..." Ndawadula: "Za zitsulo tisiyireni amuna." Mkamwini nayenso amakhala ndi ulemu wake.

Lachiwiri
Zimene nati yamwa lero:
palafini wa m'nyali,
oyilo wakupsa wa kuchigayo,
mafuta ophikira, masipuni awiri (ndatapa mwakachetechete).
Ikudya bwino kuposa ine. Kusuntha ayi.

Lachitatu
Nkhani yamveka m'mudzi. Chilowereni matipate aliyense ndi katswiri, wosadziwa kanthu anatha ndi boma lakale. Abwera alamu anga a Gelesomu ndi a Mbewe, amene anagwirapo ku Joni miyezi isanu ndi itatu koma amasimba ngati anabadwira mu mgodi.

A Mbewe: "Ku Joni izi timaotcha."
Alamu: "Hamala basi. Chitsulo chimamva chitsulo chinzake."
Akuti tivote, ndi demokalase. Moto wapambana, chifukwa a Mbewe akweza manja onse awiri.

Mayi a Chikondi ali pakhonde akutongola chimanga: "Ife tivote nawo?" Tonse taseka.

Taotcha ndi zitsononkho. Taiwala palafini wadzulo uja. Nsidze zanga zapita, thabwa limodzi la ngolo lanyeka, nati ili phee.

Lachinayi
Ndapalasa njinga mpaka ku Nathenje, kwa womata matayala wa m'mbali mwa msewu. Wandibwereka sipanala yaikulu ndi paipi yaitali. Akundifunsa: "Matayalawo ndi a galimoto yanji, akulu? Mbali iti?" Ndamuyankha kuti ndabwerera sipanala, osati mafunso a kupolisi. Wangoyang'ana pamene panali nsidze, n'kupitiriza kupopa.

Pobwerera paipi yandikwapula msana njira yonse. Mabelo ali m'shedi akundiyang'ana.

Lachisanu
Lero ndi lero! Paipi pa sipanala. Pa paipi ine, alamu, a Mbewe. Mutu umodzi susenza denga. Tikukankhira kumanzere, mmene nati iliyonse ya padziko lapansi imamasukira. Alamu akutsogolera nyimbo ngati tikukoka chipika.

Thyoo!

Tagwa tonse atatu. A Mbewe akufuula ali chagada: "Yamasuka!" Yamasukadi: nati ili pansi, pamodzi ndi theka la bawuti yake.

Alamu adzuka, akusasa fumbi, nkhope yasintha. "Ngolo ya atate yakhala zaka makumi awiri osathyoka kanthu. Mkamwini waigwira masiku asanu." Anali pa paipi pomwepo iwowa, kumapeto kwenikweni! Zandiwawa, koma mudzi ndi wawo. Manati anayi otsalawo alamu andiletsa kuwakhudza.

Loweruka
Ndazungulira kufuna ngolo ina. Zonse zanyamula kale fodya wa eni ake. Ndayesa belo limodzi pa njinga. Tagwera m'ngalande tisanapitirire dimba la a Mbewe.

Ndafika pa Mitundu chimanjamanja, lole ikunyamuka. Mlembi wa kalabu: "Mudikire ulendo wina, pakatha masabata atatu. Musamale chinyezi." Masabata atatu! Ndinali nditauza kale anthu onse kuti fodyayu andigulira malata. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Lamulungu
Tabwerako kutchalitchi. Mayi a Chikondi sanavule ngakhale nsapato. Atola sipanala ya ku Nathenje, paipi aikankhira uko ndi phazi. Akupotokolera kumanja, mbali yomangira. Ndatsegula pakamwa kuti ndiwaphunzitse.

Kwii. Nati yamasuka. Yachiwiri. Yachitatu. Yachinayi. Awandandalika bwinobwino pa mpango.

"Tayala la kumanzere la lole yakalekale ija limamasukira chakumanja. Atate pomasula, ine ndimagwira manati. Sabata yonseyi mwakhala mukumanga."

Ndafunsa chifukwa chake sananene.

"Lolemba munati za zitsulo n'za amuna. Lachitatu simunandipatse voti. Mafuta anga ophikira ndinawaona."

Sabata yonse nati ija ndaimwetsa, ndaiotcha, ndaitanira anthu, ndikuimangitsa. Tayala latuluka tsopano, lole ya kalabu ili kale ku Lilongwe.

Mawa ndibweza sipanala ku Nathenje. Womata uja adzafunsanso kuti mbali iti. Ndapempha mayi a Chikondi kuti tipitire limodzi. Akuti za zitsulo atisiyira amuna.