Wailesi ya pa Chulu

Lolemba

Wailesi ya Sukulu yayamba! Ahedi ali ndi yawo yonga sefuliya, yonena za ku Lusaka. Yathu ife a Sitandade 6 ndi chitini cha palafini chopinda ngati lipenga. Woulutsa ndine, wotola nkhani ndi Yosiya. Ndimakwera chulu cha kuseri kwa gowelo m'mbandakucha. Ahedi akuti, "Yesani sabata imodzi. Likangobwera dandaulo, chitinicho ndiphwanya."

Ndikufuula, "Kuno ndi ku Chadiza!" Mitengo ya kumanda, tsidya la dambo, ikuyankha, "Chadiza." Yosiya akuti ndi phiri. Kumeneko kulibe phiri.

Lachiwiri

Nkhani: mpira, makoswe m'nkhokwe ya sukulu, ng'ombe ya a Zakeyo yabereka. A Zakeyo ndi nkhalamba yotigulitsa nzimbe.

Dzuwa lisanakwere, amayi akulira m'njira, amuna ali ndi makasu pamapewa. Kalanga ine! Taiwala chodziwa ndi mwana yemwe: dzina likafuulidwa pachulu m'mamawa, mwini wake watisiya. Akuwapeza a Zakeyo akuwothera dzuwa pakhonde.

Mwayi wanga, Ahedi apita kuboma.

Lachitatu

Mudzi wonse ukundiopa. Zobwera kugowelo: mtedza, mbatata, mazira, aliyense kupempha kuti ndisamutchule. Mayi wina akuti, "Ngakhale mbuzi yanga, mwanawe, uisiye."

Nkhani ya lero: munthu wina wagwa panjinga, pamalo ena. Manyazi andigwira. Mtedza wokhawo ndi wokoma.

Lachinayi

Kuli nkhungu. Ndikulengeza za chimfine, kumanda akubwereza za chimfine. Ndaima kuti ndikoke mpweya. Iwo sakuima. "Zakeyo," akutero, pang'onopang'ono.

Dzina limeneli lero sindinalitchule!

Yosiya wasiya ntchito pomwepo, akuti akufuna kulimbikira masamu. Yosiya, masamu!

Lachisanu

Ndili ndekha. Patsinde pa chulu pakhala munthu wofunda bulangete. Ndatsala pang'ono kuponya chitini. Ndi a Zakeyo. Ndikudikira ndodo, koma akungondiyang'ana.

"Mawu uli nawo, mwanawe. Lachiwiri lija ndinaona amene amandikonda, ndi ambiri ndithu. Koma likadzafika tsiku lenileni udzanene bwino. Zakeyo Phiri, mwana wa Nabanda. Osandisakaniza ndi ng'ombe."

Ndikuseka. Iwo sakuseka.

Loweruka

Ahedi abwera, amva zonse. Wawauza ndi Yosiya, katswiri wa masamu uja. Chitini chatsekeredwa mu ofesi, achiphwanya Lolemba pamaso pa sukulu yonse. Chilango changa ndi kugumula chulu ndi khasu. Mtima ukundiwawa. Ndinali nditayamba kuidziwa ntchito.

Lamulungu

Kugogoda kusanache. Pakhomo pali Ahedi, chitini chili m'manja, pambali pawo mphwake wa a Zakeyo, maso ali pansi. Ahedi akundipatsa chitinicho.

Ndakwera chulu chogumuka mbali imodzi. Ndikunena monga a Zakeyo anandiuzira, dzina lonse, ndi la amayi awo. Ng'ombe sindinaitchule. Kumudzi kulira kwayamba.

Wailesi yatha basi. Mphwakeyo akuti chitini chizikhala kumudzi, ndipo pakagwa zovuta azidzanditenga.

Ndaima pachulu kudikira kuti kumanda abwereze. Kuli zii. Sabata yonse ndakhala ndikuwaopa akamayankha. Lero ndikanakonda akanayankha.